Etymonline yandithandiza pa nkhani ya "Happy Birthday" pa keke

Ngati mumaphika makeke kapena kusindikiza makadi olembedwa m'Chingerezi, tsamba la etymonline.com mulidziwe. Ndi dikishonale yaulere ya pa intaneti yofotokoza kumene mawu a Chingerezi anachokera, ndipo anaiyambitsa ndi Douglas Harper wa ku America mu 2001. Imatseguka bwinobwino pa foni, ndipo poti zambiri ndi zolemba, bandulo siitha msanga.

Ine ndimaphika makeke kuno ku Area 25. Masiku ano makasitomala ena akumakana kuti ndilembe "Happy Birthday", ati mawu oti happy anachokera kwa Hapi, mulungu wa Aigupto akale. Mayi wina wa kumpingo kwathu anachita kundionetsa uthengawo pa WhatsApp, nkhawa ili pankhope: "Asisi, chonde dzina la fano lisakhale pa keke ya mwana wanga." Munthu wosamala chikhulupiriro chake chonchi sindingamuyankhe zongoganizira. Ndinafuna umboni.

Hapi analikodi m'chipembedzo cha Aigupto, ndipo ankati ndiye amasefukiritsa mtsinje wa Nile chaka ndi chaka. Koma mzere wa happy sudutsa ku Igupto. Tsambali likuonetsa kuti gwero lake ndi hap, kutanthauza mwayi, mawu amene analowa m'Chingerezi cha m'ma 1200 kuchokera ku chilankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, happy ankatanthauza munthu wamwayi, ndipo tanthauzo la kukondwa linamera pomwepo. Happen ndi perhaps ndi a banja lomwelo. Hapi ndi happy angofanana kamvekedwe basi, ndipo kufanana nkhope si ubale. Ngakhale Baibulo la King James la 1611 lili nawo mawuwa, onani Masalimo 144:15.

Chimene chandichititsa kulikhulupirira tsambali n'choti silibisa pamene chikunja chilipodi. Thursday likunena poyera kuti ndi tsiku la Thor, Wednesday la Woden (milungu yakale ya kumpoto kwa Ulaya), ndipo March, Malichi wathu yemweyu, ndi mwezi wa Mars, mulungu wankhondo wa Aroma. Pa jolly, mawu enanso achisangalalo, likuti anadzera m'Chifalansa chakale, ndipo mwina gwero lake ndi jol, chikondwerero cha nyengo yozizira cha anthu a ku Scandinavia omwewo, koma likuwonjezera kuti izi n'zosatsimikizika. Mawu oti mwinawo ndi amene sindiwapeza m'mauthenga otumizirana aja. Iwo amangolamula kuti tumizirani ena.

Konzekerani Chingerezi cholimba ndi zidule zambiri. Mukaona 14c. dziwani kuti akunena zaka za m'ma 1300, osati 1400. Komanso tsambali limangofotokoza mbiri ya mawu. Funso loti Mkhristu alankhule chiyani ndi la inu ndi abusa anu, ndipo ena akamva za mwayi amakhalabe ndi chikaiko, poti iwo amati madalitso.

Mayi aja tinawerengera limodzi pa foni yanga, keke ili patebulo kudikira kirimu. Anavomera kuti za Hapi zinalibe maziko, komabe anasankha kuti ndilembe "Mulungu akudalitse" ndi dzina la mwanayo. Ndinalemba zomwezo ndi kirimu wabuluu, mtengo wake womwewo.