Fomu ya TA6: pa pepala, pa intaneti ya loya, kapena kufunsa ChatGPT?

Mukamagulitsa nyumba ku England kapena ku Wales, loya wanu amakutumizirani TA6, fomu ya bungwe la maloya la Law Society yomwe mumaululamo zimene mukudziwa za nyumbayo: mpanda ndi wa ndani, munakanganapo ndi oyandikana nawo kapena ayi, madzi anasefukirapo, munawonjezerapo chipinda. Imabwera ndi inzake TA10, ya katundu wotsala m'nyumba monga makatani ndi firiji, komanso TA7 ngati nyumbayo ndi ya leasehold, kutanthauza kuti ndi yanu kwa zaka zowerengeka koma malo ake ndi a munthu wina. Ku Scotland amagwiritsa ntchito mapepala ena otchedwa Home Report, ndiye ngati nyumba yanu ili kumeneko izi sizikukhudzani.

Njira yoyamba yolembera fomuyi ndi ya pa pepala, ndipo ubwino wake ndi umodzi: imakuchedwetsani. Mumakhala pansi ndi faelo ya nyumba, n'kumasakasaka satifiketi ya FENSA yotsimikiza kuti mawindo aja munasintha anaikidwa motsata malamulo, ndi pepala la Gas Safe lochokera kwa katswiri wa gasi wovomerezeka amene anaika boiler, makina otenthetsera madzi ndi nyumba. Koma mukalumpha funso limodzi lokha, loya wa ogula amalibweza, ndipo zinthu zimaima.

Njira yachiwiri ndi ya pa intaneti, imene maloya ambiri amatumiza kudzera m'makampani ngati InfoTrack. Ine ndimasankha imeneyi. Mumalemba pa foni, n'kusiya, n'kudzapitiriza mawa mukaweruka. Satifiketi mumangoijambula n'kuiika pomwepo, ndipo loya amaiona tsiku lomwelo. Vuto lake ndi chala. Munthu wotopa ndi shifiti ya usiku amangodina "No", "No", "No" kuti athane nazo akagone.

Apa ndi pamene ndalama zimathera. Pali funso la Japanese knotweed, chomera chouma mutu chomwe chimatsitsa mtengo wa nyumba. Mu 2023 khoti lina ku London linalamula munthu amene anayankha kuti chomerachi palibe, pomwe chinali kuseri kwa kanyumba ka m'munda, kuti alipire wogula mapaundi 32,000, ndi kuwonjezerapo ndalama za maloya zomwe zinaposa pamenepo. Fomuyo inali ndi bokosi la "Not known", kutanthauza kuti simukudziwa. Lamulo la Misrepresentation Act la 1967 limapatsa wogula mphamvu yokusumirani ngati anadalira yankho lanu labodza, ngakhale kuti simunaname mwadala. "No" amatanthauza kuti mukutsimikiza. Ngati simunayang'ane, musadine.

Nanga ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso? Pomasulira Chingerezi cha maloya ndi wothandiza ndithu, mwachitsanzo mukafuna kumva tanthauzo la "party wall" kapena "easement". Koma nyumba yanu sanaionepo. Sakudziwa kuti chaka chatha munalembera khonsolo kudandaula za phokoso la aneba, chimene fomuyo ikufuna kuti munene. Mukamuuza kuti akulembereni mayankho, adzalemba zosalala zokomera khutu, koma wosainira pansi ndinu.

Choncho pemphani loya wanu fomu ya pa intaneti, muilembe masana mapepala a nyumba ali pambali, ndipo funso lililonse lokukayikitsani mumuimbire musanatumize.