Bayogasi wanga patatha chaka ndi theka: ndalama yabwerera bwanji

Alamu anga ndi msungichuma wa komiti ya sukulu ina kuno ku Lilongwe. Sukuluyo yapatsidwa ndalama zoti ichitire ntchito imodzi yosamalira chilengedwe, ndiye komiti ikukokanakokana: ena akufuna sola, ena kudzala mitengo, ena bayogasi (gasi wochokera ku ndowe zoola) wophikira phala la ana. Anandiimbira kufunsa ngati wanga wabweza ndalama. Yankho lake silokwana pafoni, n'chifukwa chake ndikulemba pano kuti enanso amene akuwerengera zomwezi amve.

Ndimaweta ng'ombe zamkaka zinayi cha ku Mpingu. Moto pakhomo panga umayaka tsiku lonse: kuphikira banja ndi antchito, kuwiritsa mkaka wotsala, kutenthetsa madzi otsukira zigubu. Makala ndinkagula kwa anyamata a njinga ochokera ku Dzalanyama, ndipo mumtima zinkandipweteka, chifukwa nkhalango imeneyi ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza Kamuzu Dam, madzi amene mzinda wonse umamwa. Komabe chimene chinandikhazika pansi ndi cholembera ndi mtengo wa thumba la makala, umene unkangokwera.

Ndinayerekeza njira zitatu. Gasi wa m'masilinda poyambira ndi wotchipa, koma amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola; kwacha inali itangochepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye sindinafune kudzimangirira ku chinthu chotere mwezi ndi mwezi. Magetsi, mapolo ali kutali ndi kwathu, komanso tonse tikukumbukira mmene kunkazimira namondwe Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale 2022. Bayogasi amafuna ndalama yambiri kamodzi, kenako chomudyetsa chimachokera m'khola momwe. Wogulitsa anandilembera pepala: mtengo wonse, woposa pang'ono K2 miliyoni, kugawa ndi ndalama ya makala ya pamwezi, yankho n'kukhala zaka zosakwana ziwiri. Ine ndinaonjezapo chiwongola dzanja cha ngongole imene ndinatenga, zaka zinakwana ziwiri ndi miyezi ingapo. Ndinavomera, tinagwirizana kuti gawo lomaliza ndidzalipira ndikakhutira.

Zimene zikuyenda bwino n'zambiri. Thumba lalikulu lomwe ndowe zimaoleramo silinabooke olo pamodzi. Mbaula yake ya mafuwa awiri imayaka moto wabuluu, mapoto sada, utsi m'khitchini unatha, ndipo mayi anga okalamba anasiya kutsokomola akakhala pafupi ndi pophikira. Ntchentche kukhola zinachepa chifukwa ndowe sizigonanso pamulu.

Vuto ndi nyengo yozizira, ndipo yandipeza kawiri tsopano. Anadzaika chipangizochi kukutentha, gasi n'kumachita kutsala. Kumapeto kwa Meyi moto unayamba kufupika. Pofika Juni, nyemba zinkathera pa makala. Kenako moto unayamba kuphethira, kuyaka n'kuzima, paipi ikumveka kubwata mkati ngati phala lili pamoto. M'mawa, nthawi imene mkaka ukufunika kuwiritsa msanga, ndi pamene unkakaniratu.

Ndinaimbira wogulitsa. Poyamba anati, "Mayi, ndowe mukuthira zochepa." Tinaonjezera, osasintha. Kenako anati madzi tikuchulutsa, pamene ife timasakaniza chidebe cha ndowe ndi chidebe cha madzi monga anatiphunzitsira yekha. Nditamuuza kuti abwere adzaone ndi maso, anati nditumize kaye ya mafuta a galimoto. Nditatchula za waranti, anati imeneyo ndi ya thumba lokha, mapaipi sakuwerengedwa. Mawu amenewa sanawanene tsiku logula, ndipo parisiti panangolembedwa kuti waranti, osatchula ya chiyani. Mwezi umenewo ndinkalipira ngongole kwinaku ndikugulanso makala, ndipo akanabwera munthu n'kunena kuti agule chipangizocho ndikanamupatsa.

Amene anandimasulira ndi pulambala wina wa ku Likuni. Anati mavuto ndi awiri osiyana. Loyamba, gasi amatuluka m'thumba ali ndi chinyezi, ndipo akadutsa m'paipi yozizira chinyezicho chimasanduka madzi. Amisiri a wogulitsa anakwirira paipi osaipatsa matsetse, pena inachita kutsika n'kukweranso, ndiye madzi ankadikha pamenepo n'kutseka njira. Sanaikenso potayira madziwo. Pulambalayo anafukula, anakonza kuti paipi izitsetserekera malo amodzi, n'kuikapo kampopi kotsegula kawirikawiri. Kuphethira kunatha tsiku lomwelo. Ntchito yaing'ono chonchi imayenera kuchitika poika pomwe.

Lachiwiri silikonzeka ndi sipanala. Tizilombo timene timaoletsa ndowe n'kutulutsa gasi timagwira bwino ntchito pakakhala potentha cha m'ma 35 digiri, pamene kuno usiku wa mu Juni ndi Julayi kumatsika mpaka pansi pa 10. Tikazizidwa timafooka, gasi n'kuchepa, kaya uthire ndowe zochuluka bwanji. Chaka chachiwiri tinakonzekeratu: tinamanga kachisakasa ka pulasitiki pamwamba pa thumba, m'mbali tinayala udzu, ndipo tinayamba kusakaniza ndowe masana ndi madzi amene akhala padzuwa, osati otunga m'mamawa. Zinathandiza ndithu, nsima ndi tiyi zinkatheka, koma nyemba ndi madzi a zigubu zinabwererabe pa makala. Ndimakhulupirira kuti wogulitsa aliyense wa zipangizozi ku Lilongwe amadziwa za Juni. Kundiwerengera miyezi 12 yofanana sichinali chilungamo.

Choncho masamu enieni ndi awa. Makala ndimapulumutsa mokwanira pafupifupi miyezi isanu ndi inayi, itatu yotsalayo ndi theka chabe. Mnyamata wa kukhola ndinamuonjezera malipiro, chifukwa kutuntha ndowe ndi madzi tsiku lililonse ndi ntchito, ndipo papepala paja inalembedwa ngati yaulere. Mu Okutobala chitsime chikatsika, madzi a bayogasi amalimbirana ndi a ng'ombe. Sefa yochotsa fungo la mazira oola imafunika kusintha zamkati mwake, ndipo mtengo wake nthawi iliyonse ndikafunsa umakhala utakwera, akuti dola. Nditaphatikiza zonsezi ndi pulambala ndi pulasitiki, zaka ziwiri zija zinapitirira zitatu.

Mtima unatsika nditaona za manyowa. Madzi a ndowe otuluka kumapeto sanunkha ngati ndowe zaziwisi, ndipo timawathira ku nsenjere ndi kudimba. Nsenjere zikuphukira msanga zikadulidwa, ndipo feteleza wa kudimba ndinasiya kugula. Wa chimanga ndimagulabe koma wochepa. Ndi mmene feteleza wakwerera, ndalama imeneyi ikuyandikira ya makala a miyezi ingapo, chonsecho wogulitsa anangoitchula podutsa. Chinanso, ngongole yanga ndi ya makwacha osasintha pamene thumba la makala likukwerabe, ndiye mwezi uliwonse chimene ndikupulumutsa chikukula. Ndikawerengera lero, ndikuona ndalama ikubwerera cha m'chaka chachitatu. Sindikudandaula kuti ndinagula.

Koma alamu ndawauza kuti pasukulu pawo asayerekeze, pokhapokha atapeza khola lodalirika pafupi. Alibe ng'ombe, ndipo ndowe zogula ndi kunyamula pangolo zidya phindu lonse. Chipangizochi chimafuna kudya tsiku ndi tsiku, ngakhale pa holide pamene palibe wophika, ndipo miyezi yozizira imagwera mkati mwa teremu yachitatu, ana akufuna phala lotentha. Kwa iwo mbaula zazikulu zosamala nkhuni pamodzi ndi munda wa mitengo zikuoneka zanzeru: ndalama yolowa ndi yochepa, zokonzetsa sizidalira dola, ngakhale mitengoyo idzayamba kubweza patapita zaka. Ndawauzanso kuti aliyense wobwera ndi pepala lake amufunse amene azigwira ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi malipiro ake, mtengo wa zosinthira chaka chamawa, ndi chimene chipangizocho chimatulutsa m'mwezi woipitsitsa, ndipo zonsezo azilembe n'kusainira.

Za wogulitsa wanga, gawo lomaliza lija ndikadali nalo. Ndinamutumizira pa WhatsApp risiti ya pulambala ndi zithunzi za paipi itafukulidwa, n'kumuuza kuti ndichotsapo ndalama imeneyo, yotsalayo abwere adzatenge yekha akamadzaona sefa monga analonjezera. Anayankha kuti, "Chabwino mayi, ndikupezani sabata ya mawa." Papita miyezi sanafike. Anansi awiri afunsa kale nambala yake, ndipo ndawauza kuti chipangizo chake n'chabwino, koma asamupatse ndalama yonse Julayi asanadutse.