NVDA: pulogalamu yaulere yowerengera anthu osaona za pakompyuta

Munthu wosaona amene ali ndi kompyuta ya Windows ayambe wayesa NVDA asanaganize zogula pulogalamu ina. Imawerenga mokweza zonse zimene zili pasikirini: makalata, mafomu, masamba a pa intaneti, ngakhalenso chilembo chilichonse chimene mwadina. Adaiyamba ndi Michael Curran mu 2006, ndipo iye pamodzi ndi James Teh, onse awiri osaona a ku Australia, adakhazikitsa bungwe la NV Access lomwe limaisamalira mpaka lero. Ndi yaulere yonse. JAWS, yomwe imagwira ntchito yomweyi, ndi yogula, ndipo mukapanda layisensi imalankhula kwa mphindi 40 zokha kenako imafuna kuti muzimitse ndi kuyatsanso kompyuta.

Poika NVDA simufunika wokuthandizani. Dinani Ctrl, Windows ndi Enter pamodzi kuti Narrator, pulogalamu ina yowerenga yomwe imabwera kale mu Windows, ikuperekezeni mpaka mutakopera NVDA kuchokera patsamba la NV Access. Mukatsegula fayiloyo, NVDA imayamba kulankhula yokha.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa funso loyamba, losankha batani la NVDA. Pafupifupi malamulo onse amadalira batani limeneli, ndipo poyambira limakhala Insert. Vuto n'lakuti pamalaputopu ambiri Insert ndi wovuta kumupeza, nthawi zina mpaka mudine kaye Fn. Choncho chongani kabokosi kololeza Caps Lock kugwira ntchitoyo, ndipo musankhe kiyibodi ya laputopu. Izi zimasintha malamulo ena: kuti iwerenge nkhani yonse, pakompyuta yapatebulo mumadina batani la NVDA ndi muvi woloza pansi, pomwe palaputopu ndi NVDA ndi A. Ctrl imaikhazika chete nthawi yomweyo. Wophunzira kumene adine NVDA ndi 1. Akatero batani lililonse limangotchula dzina ndi ntchito yake osachita kanthu, mpaka atadinanso awiriwo.

Pa intaneti m'pamene pulogalamuyi imasangalatsa. Simuchita kumvetsera tsamba lonse. H amakudumphitsirani pa mutu wotsatira, K pa linki, B pa batani, F pa malo a fomu, T pa tebulo, ndipo mukaphatikiza Shift mumabwerera m'mbuyo. NVDA ndi F7 imakupatsani mndandanda wa malinki kapena mitu yonse. Koma dziwani kuti ili ndi machitidwe awiri, owerenga ndi olemba. Mukafuna kulemba dzina lanu mufomu koma H n'kukuponyerani kwina, pulogalamu siinawonongeke ayi, yangotsalira pa kuwerenga. Dinani NVDA ndi Space, muyambe kulemba.

Mawu ake ndiwo amagawa anthu. A eSpeak NG ndi ouma, omveka ngati makina, ndipo ongoyamba kumene amadana nawo. Komabe sachedwa kuyankha ndipo amamvekabe bwino mukawathamangitsa, n'chifukwa chake ozolowera ambiri samawasiya. A Windows OneCore ndi okoma m'khutu. Sinthani podina NVDA, Ctrl ndi S. Chofooka chenicheni chili pa zilankhulo zimene zilibe mawu akeake: imazitchula motsata chilankhulo china, mawu n'kumapotoka. Amene ali ndi makina oonetsa zilembo za braille angathe kuwalumikiza n'kumawerenga ndi zala, zomwe zimathandiza kwambiri munthu amene saona komanso samva.

Mungathenso kuinyamula pafulashi n'kuigwiritsa ntchito pakompyuta ya eni osaikamo kanthu. Ya pafulashiyo ili ndi malire: siiwerenga polowetsa pasiwedi poyatsa kompyuta, kapena uthenga wa Windows wopempha chilolezo chosintha zinthu. Pakompyuta yanuyanu, iikeni yonse. Chenjeraninso ndi timapulogalamu towonjezera: NVDA yoyamba kutuluka m'chaka nthawi zambiri imasiyitsa ntchito takale, choncho fufuzani kaye ngati tomwe mumadalira takonzedwa musanaike yatsopano.

Pali zina zimene NVDA singathe, ndipo mlandu wake suli pa iyo. Chithunzi chimene mwini tsamba sadachilembere mawu ofotokoza imangochitchula kuti chithunzi basi. Batani lopanda dzina limakhala batani chabe, munthu osadziwa ngati ndi lotumiza kapena lofufuta. PDF yochita kujambula ilibe zilembo zenizeni. Apa NVDA ndi R imayesa kuzindikira mawu a m'chithunzicho, ndipo imachita bwino ngati pepala lidajambulidwa mowala ndi mowongoka, koma matebulo ndi zolemba pamanja imasokoneza. Zopweteka kwambiri ndi mayeso a CAPTCHA (otsimikizira kuti ndinu munthu, osati makina) a zithunzi zokhazokha, omwe amamutsekera munthu kunja atadzaza kale fomu yonse. Opanga masamba aike NVDA pakompyuta zawo, achotse mausi, azimitse sikirini, ayese kudzaza fomu yawoyawo mpaka kumapeto.