EQ6-R Pro, AM5 kapena CEM70: Ndi Maunti Iti Yoyenera Kujambulira Nyenyezi Kuno Kum'mwera?

Aliyense amene wayamba kujambula nyenyezi amazindikira msanga kuti nthawi zambiri chimene chimawononga chithunzi ndi pokhalira telesikopu, osati telesikopuyo. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo kamera ikatsegulidwa kwa mphindi zitatu kapena zisanu, maunti, chomwe ndi chipangizo chonyamula ndi kuyendetsa telesikopuyo, iyenera kulitsata mosaphonya, apo ayi nyenyezi zimatuluka ngati timizere m'malo mwa timadontho. Pa maunti zamphamvu zodziwika bwino, pano ndikuyerekeza zitatu: Sky-Watcher EQ6-R Pro, ZWO AM5 ndi iOptron CEM70.

EQ6-R Pro ndi ya kapangidwe kakale, ka magiya a worm (kandodo ka mazinga ngati sikulu kozunguza giya yaikulu) oyendetsedwa ndi malamba. Imanyamula katundu wa makilogalamu 20, koma mutu wake wokha umalemera pafupifupi makilogalamu 17, ndipo mukawonjezera miyendo yake yachitsulo ndi zitsulo ziwiri zolinganizira kulemera, za makilogalamu 5 chilichonse, zonse pamodzi zimafika pafupifupi 35. Kulemera kumeneku kuli ndi phindu lake, chifukwa mphepo ya mu Julayi ikamaomba telesikopu yaitali, maunti yotere sigwedezeka wamba. Giya yake yaikulu ili ndi mano 180, kutanthauza kuti worm imamaliza kuzungulira m'mphindi pafupifupi 8, ndipo kaphonyedwe kake kamabwera pang'onopang'ono, motero kakamera kolondolera, kamene kamayang'anira nyenyezi imodzi kuti kaone ngati maunti yaphonya, ndi pulogalamu ya pakompyuta ya PHD2 zimakonza mosavuta ngakhale zikuyang'ana nyenyezi kamodzi pa masekondi awiri kapena atatu. Chimene imafuna kwa mwini wake ndi kuleza mtima. Usiku uliwonse muyenera kumasula zomangira, kusuntha zitsulo pa ndodo yake mpaka telesikopu itaima yokha osagwera mbali, kenako n'kumanganso. Pojambula, ndi bwinonso kusaidzaza mpaka makilogalamu 20 olembedwawo.

AM5, imene inatuluka mu 2022, imagwiritsa ntchito magiya a strain wave, ofanana ndi amene ali m'mikono ya maloboti a m'mafakitale. Mutu wake umalemera makilogalamu pafupifupi 5 okha, komabe umanyamula makilogalamu 13 popanda chitsulo cholinganizira, ndipo ukaikidwa chitsulocho umafika pa 20. Munthu amaunyamula ndi dzanja limodzi m'kachikwama kake. Koma magiya amenewa amaphonya kwambiri kuposa a worm, ndipo kaphonyedweko kamasintha mofulumira, choncho AM5 siijambula bwino popanda kulondolera, ndipo kulondolerako kumafunika kukhala kwa pafupipafupi, sekondi imodzi kapena theka lake. Kupepuka kwake kulinso ndi msampha wake. Telesikopu yolemera ikapendekera mbali imodzi pa miyendo yopepuka ya carbon fiber, zonse zingathe kugubuduzika, n'chifukwa chake ambiri amapachika batire kapena mwala m'kathumba ka pakati pa miyendoyo.

CEM70 ndi ya amene ali ndi telesikopu yaikulu ndithu. Imanyamula makilogalamu opitirira 31 pamene mutu wake sufika 14, chifukwa anaipanga kuti katundu azikhala pakati penipeni pa miyendo. Kwa munthu wa telesikopu yaing'ono ya magalasi (refractor) ya mamilimita 80 kapena 100, mphamvu imeneyi ingangokhala yosagwiritsidwa ntchito.

Zimene ndatchulazi zilinso m'mabuku a malangizo, koma pali nkhani ina imene ife a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka tiyenera kuiganizira patokha. Maunti ya mtundu umenewu iyenera kuloza ndendende pa nsonga imene thambo limazungulirapo, ndipo kwa ife nsongayo ili kum'mwera, madigiri 14 mpaka 16 okha kuchokera pansi. Polaris, nyenyezi ya pafupi ndi nsonga ya kumpoto imene anzathu a ku Ulaya amadalira, sitiiona konse, ndipo Sigma Octantis imene ili pafupi ndi nsonga yathu ndi yozimirira kwambiri, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pamene utsi wa tchire lotenthedwa wadzaza mlengalenga. Kagalasi koloza nsonga ka mu EQ6-R kali ndi chizindikiro cha gulu la nyenyezi la Octans, mmene muli Sigma Octantis, koma kuti musuzumiremo muyenera kugwada pansi mame akutsika, ndipo kawirikawiri mumapeza kuti kutsogolo kuli mpanda wa njerwa kapena mtengo wa mango. AM5 ilibiretu kagalasi kotere, pamene iPolar, chida cholozera nsonga cha CEM70, ngakhale ndi kamera, imafunabe kuona mbali imeneyo ya thambo. Kwa ine njira yabwino pa zonse zitatu ndi kulola kamera yaikulu kuti iwerenge nyenyezi, kudzera mu kakompyuta ka ASIAIR kapena chida cha Three Point Polar Alignment cha mu pulogalamu ya NINA, chimene sichifuna kuona nsongayo.

Kutsika kwa nsongayi kumachititsanso kuti ndodo ya zitsulo zolinganizira iyang'ane pafupifupi pansi, moti zitsulozo zingathe kugunda mwendo wa maunti. Amene akugula EQ6-R aonetsetse za zimenezi, mwinanso agulire limodzi chitsulo chokweza mutu. AM5 yopanda chitsulo ilibe vuto la ndodolo, ngakhale telesikopu yaitali ingakhudzebe miyendo ikaloza pamwamba penipeni, pafupi ndi kumene pakati pa Mlalang'amba pamadutsira mu Juni ndi Julayi.

Munthu wokhala ndi bwalo la mdima pakhomo pake, woti angathire konkire, kuikapo maunti ndi kumangoiphimba, ndingamulangize EQ6-R, kapena CEM70 ngati telesikopu yake ikupitirira makilogalamu 12 kapena 13. Koma amene amakhala pakati pa magetsi a m'tauni, ndipo kuti ajambule mtambo wowala wa Carina Nebula kapena gulu la nyenyezi la Omega Centauri ayenera kupakira zonse m'galimoto n'kupita ku Dedza kapena pa phiri la Zomba, asankhe AM5, pamodzi ndi kakamera kolondolera ndi batire ya mavoti 12 yoti ifike m'bandakucha.