Uphungu wa kachepetsedwe ka shuga ndi wabwino, koma kapepala kake sikakwanira

Mwezi wathawu ndinakhala nawo pa uphungu wa kadyedwe umene chipatala china chimapereka kwa anthu ofuna kuchepetsa shuga amene amadya, ndipo mlangizi wake ntchito amaidziwa. Sanayambe ndi kutiopseza. Anaika chitini cha chakumwa chotsekemera patebulo, natapa shuga masipuni aang'ono 10 n'kuthira m'tambula youma, kenaka anafunsa ngati alipo amene angabwire mulu wonsewo. Tonse tinangoti chete, chifukwa ambirife chitini chotero timachimaliza osaganiza n'komwe.

Ziwerengero zake zinachokera m'malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2015, akuti shuga wothira m'zakudya, pamodzi ndi wa mu uchi ndi m'madzi ofinya kuzipatso, asafike magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku. Kwa wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo kutsika mpaka 25, omwe ndi masipuni 6, kumateteza kwambiri mano. Anatsindika bwino kuti shuga wa m'chipatso chathunthu ndi wa mumkaka sawerengedwa, mfundo imene inamasula ena omwe anali atayamba kuopa zipatso.

Pamene ndinakhumudwa ndi pa kapepala kamene anatipatsa. Konseko n'kophunzitsa kuwerenga zolembedwa pa mapaketi, ngati kuti aliyense amagula zakudya za m'paketi, chonsecho m'maiko osauka ambiri amagula shuga wopimidwa pang'onopang'ono, wopanda chizindikiro chilichonse, ndipo kwa ena chakumwa chothira shuga ndicho chimawapatsa mphamvu m'mawa. Kapepalako sikatchulanso zoti maiko ena, monga Guatemala ndi Zambia, amathira vitamini A mu shuga, kotero kholo limamva mauthenga awiri otsutsana, wakuti shuga ali ndi vitamini ndi wakuti shuga achepetsedwe, popanda wolimasulira.

Mayi wina anafunsa za mwana wake amene akulandira chakudya chachipatala chifukwa cha kunyentchera, ndipo mlangiziyo anazengereza kuyankha, pamene malangizo a WHO amanena poyera kuti sakhudza zakudya zochiritsira zoterozo. Yankho limeneli linayenera kukhala pakamwa.

Amene thupi likukula kapena mano akubowoka apite ndithu, adzapindula ndi chionetsero cha masipuni chija. Amene ali ndi mwana wonyentchera akafunse kaye kwa amene akumupatsa chithandizo.