Kalilole wodulitsa wa mamilimita 4: woyenera saluni, koma amafuna womanga wodziwa

M'masitolo a zomangira ku Down Shops mu Chipata muno, akalilole amapezeka amitundu iwiri: opepuka aja a felemu yapulasitiki, ndi ena amene amadulidwa pagalasi lalikulu potsata muyeso wa wogula. Wa saluni kapena wometa tsitsi asataye ndalama pa oyambawo. Wodulitsa wochindikala mamilimita 4 ndiye wogwira ntchito, ngakhale ali ndi zovuta zake.

Chimene chimaonetsa nkhope si galasi ayi. Ndi siliva kapena aluminiyamu wopakidwa mopyapyala kumbuyo kwake, n'kuphimbidwa ndi penti. Kuwala kumadutsa m'galasi, kukagunda chitsulocho, n'kubwerera mopendekeka monga momwe kunafikira. Njira yopaka siliva anaitulukira Justus von Liebig wa ku Germany mu 1835. Ntchito ya galasi ndi kugwira chitsulocho kuti chikhale chowongoka, ndipo apa ndi pamene wapulasitiki amagonjera. Galasi lake ndi lopyapyala, kawirikawiri mamilimita 2, ndipo likatsamira khoma la mabampu limapindika. Mutu wa kasitomala umatalika ngati papaya, iye n'kumaganiza kuti wometa walakwitsa.

Kaliloleyo muyeseni musanalipire. Imani patali mamita atatu, muyang'ane m'kalilolemo mzere wa chitseko kapena zitsulo za pawindo, muziyendetsa mutu pang'onopang'ono. Mzere ukamavina, musiyeni pomwepo. Wa mamilimita 4 wabwino mzere umangoti njo.

Za kukula, ambiri amagula wamkulu mopitirira. Kuti munthu adzione thupi lonse, kalilole amangofunika theka la msinkhu wake: wamtali masentimita 170 amukwanira wa masentimita 85, bola m'mphepete mwa pamwamba mukhale pakati pa maso ndi pamwamba pa mutu. Kubwerera m'mbuyo sikusintha kanthu. Telala woyesa madiresi aonjezereko ndithu, popeza makasitomala amasiyana misinkhu.

Vuto loyamba ndi kulemera. Galasi la mamilimita 4 limalemera makilogalamu 10 pa sikweya mita, choncho la masentimita 120 kwa 60 limapitirira pang'ono makilogalamu 7. Msomali umodzi ndi kusewera ndi moto. Pamafunika tizitsulo tinayi togwirira, tiwiri pansi tonyamula, tiwiri pamwamba toletsa kugwa, tomangidwa ndi masikuluu m'mapulagi. Osamangitsa kwambiri, galasi likapanikizika limang'aluka kuyambira pomwe pali kachitsulo. Pochoka nalo kusitolo linyamulidwe choimirira, pakati pa makatoni. Kuligoneka pakeriya ya njinga za kabaza ndiye kukafika ndi zidutswa.

Vuto lachiwiri ndi lija limakwiyitsa anthu: kuda m'mphepete. Podula, siliva wa m'mbali amakhala poyera, ndipo chinyezi chikalowa amachita dzimbiri lakuda limene limadya kulowera pakati. Silichoka, kaya mupukute bwanji. Zimene zimafulumizitsa ndi zitatu. Khoma la pulasitala watsopano amene sanaume. Kumata kalilole ndi silikoni uja wonunkha ngati viniga, amene asidi wake amadya penti ya kumbuyo (funsani wolembedwa kuti ndi wa akalilole, alipo). Ndi kupopera mankhwala otsukira pagalasi penipeni, madzi n'kutsikira m'mphepete mwa pansi. Poperani pansalu, kenako mupukute. Siyaninso mpata wa mamilimita 5 pakati pa kalilole ndi khoma kuti mphepo izidutsa, makamaka m'bafa ndi m'nyengo ya dzinja.

China chimene odula ena amadumpha akapanikizidwa ndi makasitomala ndi kupala m'mbali. Galasi longodulidwa kumene limacheka ngati lumo, ndipo timing'alu ta m'mphepete timakula. Auzeni apale ndi mwala kapena sandipepa mbali zonse zinayi inu muli pomwepo, ndipo mutembenuze kalilole muone ngati penti ya kumbuyo sinakalike pa tebulo lodulira.