Rome: Total War pa foni, gemu ya amene mumadzimva kuti mungakhale jenerali

Gemuyi ndi yakale ndithu, inatuluka pa kompyuta mu 2004 yopangidwa ndi a Creative Assembly, kenako a Feral Interactive anaibweretsa pa iPad mu 2016 ndipo pa Android inafika mu 2018. Ndiye ngati mukufuna zithunzi zowala ngati za magemu a pano musavutike nayo, asilikali ake nkhope zonse zofanana. Koma zoti munthu umve kuti kutsogolera gulu lankhondo ndi ntchito yotani, ine pa foni sindinaone ina yoiposa.

Umayamba mu 270 BC, kusankha banja limodzi mwa atatu achiroma, a Julii, a Brutii kapena a Scipii, basi pa mapu ukumanga mizinda, kutolera misonkho, kulemba asilikali, uku a Senate, bwalo la akuluakulu olamulira Roma, akukutuma tintchito tawo. Zimenezo zili boo koma pokoma ndi pomenyana penipeni.

Chinthu chomwe anachigwira bwino kwambiri ndi mtima wa asilikali. Kuno supambana chifukwa wapha onse ayi, umapambana adani akachita mantha nkuliyatsa liwiro. Asilikali akatopa, akaona anzawo akuthawa, kapena apakavalo akawatulukira kumbuyo, amangotaya mtima ngakhale ali ambiri. Ndiye jenerali wako akakhala pafupi amalimba, akafa gulu lonse limagwedezeka. Apa ndi pomwe ambiri timagwera chifukwa jeneraliyo amayenda ndi apakavalo amphamvu zedi, dzanja limayabwa kuti ungomuponya pakati pa mikondo akaonetse chamuna, akangofa basi nkhondo yomwe unali utawina kale yatembenuka. Kulimba mtima nkofunika inde, koma jenerali ntchito yake ndi kuona bwalo lonse ndi kudziwa nthawi yolowa, osati kukhala woyamba kubaidwa.

Muli gawo la nkhondo zomwe zinachitikadi ndipo ine la Trebia ndi lomwe ndimalikonda. Mu 218 BC Hannibal, jenerali wa ku Carthage mdani wa Aroma, atadutsa mapiri a Alps ndi njovu zake, anatuma apakavalo a ku Numidia m'mamawa kukaputa Aroma, iwo kupsa mtima nkuoloka mtsinje wozizira wa mu Disembala asanadye nkomwe, pamene ake anali atadya atawotha moto, m'bale wake Mago atabisala ndi gulu lina kuti awadzere kumbuyo. Mukaisewera ndi pomwe mumamvetsa kuti Hannibal nkhondo anaiwina isanayambe, malo anasankha yekha, nthawi anasankha yekha, komanso ankamudziwa Sempronius, jenerali wa Aroma, kuti ndi wopupuluma. Mulinso ya ku nkhalango ya Teutoburg ya mu 9 AD komwe jenerali wa Aroma Varus anataya magulu akuluakulu atatu ankhondo (malejoni) chifukwa chokhulupirira Arminius, mtsogoleri wa mafuko a ku Germany yemwe ankanamizira kukhala mnzake, imeneyo ndi yowawa, umangoyenda m'mitengo adani akutulukira mbali zonse.

China chosangalatsa, majenerali ako amakula nkumasintha khalidwe. Womenya nkhondo pafupipafupi nyenyezi zake zimachuluka, womusiya mumzinda osachita kanthu amayamba uchidakwa ndi ulesi, ndiye umayamba kuwadziwa mayina ndi kusankha kuti uyu ndi wa nkhondo uyu akhale pa misonkho. Timawu tomwe amayankhula nkhondo isanayambe tina timaseketsa.

Pomwe gemuyi inaperewera kwa ine ndi nkhani ya chakudya. Gulu lako lingakhale m'dziko la eni zaka ndi zaka osamva njala bola ukulipira malipiro, pamene pa nkhondo yeniyeni apa ndi pomwe jenerali amaonekera. Hannibal yemweyo anaphwanya Aroma ku Cannae mu 216 BC koma amene anamusowetsa mtendere ndi Fabius Maximus, amene ankangomulondola chapatali osamenyana naye maso ndi maso, nkumagwira asilikali ake opita kukafuna zakudya. Aroma anzake ankamunena kuti ndi wamantha. Mu gemu ukasewera ngati Fabius palibe chomwe upindule kwenikweni. Komanso adani a kompyuta nthawi zina ndi opusa, ukaima pa phiri amangokwera mmodzimmodzi kudzafa, ukazolowera pamafunika kukweza levo apo ayi imayamba kutopetsa.

Kumbali ya kagwiridwe, gulu limodzi limafika magulu ang'onoang'ono 20, ndiye pa sikirini yaing'ono zala zimapanikizika, chabwino nchoti ungaimitse kaye nkhondo nkupereka malamulo bwinobwino. Pa tabuleti ndiye imakoma kuposa pa foni, ndipo batire khalani nayo tcheru nkhondo zikuluzikulu zimadya. Amene mukuyamba kumene tengani a Julii, adani anu oyamba ndi a ku Gaul ndipo sachedwa kubalalika mukawadzera m'mbali.